Ogulitsa Tiyi Amene Adaphunzitsa Makina Ntchito ya mu Ofesi

Munthu aliyense amene adagulitsako chakudya amalidziwa funso limene limasowetsa tulo: kodi mawa ndikonze zochuluka bwanji? Mayi wokazinga mandasi akakanda ufa wochepa, dzuwa lisanafike pamutu dengu limakhala litapepuka, ndipo ogula amabwerera ndi ndalama zawo m'manja. Akakanda wochuluka, madzulo amasenza zotsala kubwerera nazo kunyumba, ndipo mafuta, shuga ndi nkhuni zimakhala zapita pachabe. Mayi wotere yankho amalisunga m'mutu. Amadziwa tsiku la msika, amadziwa kuti kukagwa mvula anthu satuluka, ndiponso kuti pakutha pa mwezi ndalama zimayenda m'matumba.

Tsono taganizani, owerenga athu, kuti madenguwo akwana 250, ali m'misewu ndi m'mizinda yosiyanasiyana, ndipo zambiri zogulitsidwa m'menemo ziyenera kuphikidwa pamalo amodzi ndi kufika zisanagone. Pamenepo mutu wa munthu mmodzi umachepa. Pamafunika dongosolo lotolera zimene zikuchitika pantchito, kuzisunga, kuziwerengera, ndi kuzifikitsa kwa munthu woyenera pa nthawi imene angathe kuchitapo kanthu. Masiku ano madongosolo otere ali m'mabanki, m'zipatala, m'masitolo aakulu ndi m'maofesi a boma, ndipo pafupifupi onse amayendera makompyuta. Koma ndi anthu ochepa amene amadziwa kuti kompyuta yoyamba kugwira ntchito ya mu ofesi mokhazikika idapangidwa ndi kampani yogulitsa tiyi, buledi ndi makeke mumzinda wa London. Mbiri ya kampaniyo ili ndi phunziro kwa aliyense amene amayang'anira ntchito ndi chuma cha anthu ena.

Phindu la kakobiri

Kampani ya J. Lyons & Co. idatsegula nyumba yake yoyamba yomwera tiyi mumsewu wa Piccadilly m'chaka cha 1894. Malondawo adakula kwambiri, kotero kuti pa nthawi imene adafika pachimake kampaniyi idali ndi nyumba za tiyi pafupifupi 250, zambiri mwa izo mu London momwemo. Likulu lake lidali ku Cadby Hall, m'dera la Hammersmith, kumene kudali maofesi ndi nyumba zikuluzikulu zophikira. Dziko lathu lidakhudzidwanso ndi malondawa, pakuti m'zaka za m'ma 1920 kampaniyi idatenga munda wa tiyi wa Lujeri ku Mulanje.

Vuto la malonda otere ndi ili: munthu wolowa m'nyumba ya tiyi amagula kapu imodzi ndi banzi limodzi. Phindu lotsala pa zimenezi lidali kachigawo chabe ka kobiri. Kampani inkalemera chifukwa ogulawo adali miyandamiyanda, monga akulu amanenera kuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Koma wogula aliyense ankasiya kapepala, ndipo kapepala kalikonse kankafuna kalaliki woti akawerenge, akalembe m'buku ndi kukaphatikiza ndi tinzake. Ngati mtengo wowerengera kapepalako ukadaposa phindu la kapu ya tiyi, kampani ikadamira ngakhale nyumba zake zili zodzaza ndi anthu.

Akuluakulu a Lyons adaliona msanga vutoli. M'chaka cha 1923 adalemba ntchito John Simmons, mnyamata amene adapambana kwambiri masamu pa Yunivesite ya Cambridge, ndi kumuika pakati pa makalaliki. Pa masiku amenewo chidali chachilendo kuti munthu wophunzira chotero azitaya nthawi ndi malisiti a mabanzi. Simmons adayamba kufunsa mafunso amene makalaliki akale adali atasiya kufunsa. Pepala ili limalembedwa chifukwa chiyani? Amaliwerenga ndani? Akaliwerenga amachita nalo chiyani? M'zaka za m'ma 1930 adakhazikitsa ofesi yapadera yofufuza kayendedwe ka ntchito za m'maofesi a kampaniyo. Mfundo yake idali yakuti chiwerengero chilichonse cholembedwa chiyenera kuthandiza woyang'anira wina kupanga chiganizo, ndipo chimene sichithandiza aliyense chisalembedwe konse.

Tisapitirire msanga pamenepa, chifukwa mpamene pagona nkhani yonse. Makina asanabwere, a Lyons adatha zaka zoposa 20 akuphunzira ntchito yawo. Ankadziwa kumene pepala lililonse limachokera ndi kumene limathera.

Ulendo wa ku America

M'chaka cha 1947 kampaniyi idatuma akuluakulu awiri, Raymond Thompson ndi Oliver Standingford, ku America kukaona njira zatsopano zoyendetsera maofesi. Kumeneko adamva za makina amagetsi owerengera masamu, amene adapangidwa pa nthawi ya nkhondo kuti athandize asilikali ndi asayansi. Ku Princeton adakumana ndi katswiri wa masamu Herman Goldstine, ndipo iyeyu ndiye adawauza kuti chimene ankachifuna kutali chidali kupangidwa kwawo komwe, ku Cambridge, kumene Maurice Wilkes ankamanga makina otchedwa EDSAC.

Atabwerera kwawo adapita ku Cambridge, adaona ntchitoyo, ndipo adalangiza akuluakulu a kampani kuti athandizepo. A Lyons adapereka mapaundi 3,000 ndiponso adabwereketsa mmisiri wawo, Ernest Lenaerts, kuti akathandize ndi kuphunzira. Makina a EDSAC adagwira ntchito yawo yoyamba m'mwezi wa May 1949, ndipo a Lyons atamva zimenezi adagamula zomanga makina awoawo. Adalemba injiniya John Pinkerton kuti atsogolere ntchito yomanga. Makinawo adawatcha Lyons Electronic Office, kutanthauza ofesi yamagetsi ya Lyons, ndipo mwachidule ankangoti LEO.

Tikati kompyuta, owerenga a lero amaganiza za kanthu kolowa m'thumba. LEO idadzaza chipinda chachikulu. Idali ndi mababu pafupifupi 6,000 onga a m'mawailesi akale, amene ankatentha ndi kupsa kawirikawiri. Ziwerengero inkazisunga m'mapaipi odzaza ndi chitsulo chamadzimadzi chotchedwa mercury, mmene zinkazungulira ngati timafunde ta mawu. Lamya ya m'manja yotsika mtengo ya masiku ano imaiposa kutali. Padalinso vuto la ndalama za nthawiyo. Achikulire akumbukira kuti kwacha isanabwere m'chaka cha 1971, nafenso tinkawerenga makobiri 12 kuti akwane sheleni, ndi masheleni 20 kuti akwane paundi. Makina a asayansi sadapangidwire mawerengedwe otere, motero a Lyons adayenera kuwaphunzitsa.

Kusiyana kwina kudali kwakukulu koposa. Wasayansi amapatsa makina ziwerengero zochepa kuti awerengere masamu ovuta kwa nthawi yaitali. Ofesi imapatsa makina ziwerengero zambirimbiri zofuna masamu apafupi, ndipo imafuna mayankho osindikizidwa pa tsiku lake, osachedwa. Chifukwa chake a Lyons adavutika kwambiri ndi njira zolowetsera ndi kutulutsira ziwerengero, kuposa mmene adavutikira ndi masamu enieniwo.

Ntchito zoyamba

M'mwezi wa November 1951 LEO idayamba ntchito yake yoyamba ya mlungu ndi mlungu. Inkawerengera mtengo wa buledi, makeke ndi zophika zina zotuluka m'nyumba zophikira za kampaniyo, poonkhetsa zimene zalowa monga ufa, ntchito ya anthu ndi moto wophikira, ndi kuziyerekeza ndi zimene zatuluka. Akatswiri a mbiri amavomereza kuti imeneyi ndiyo ntchito yoyamba ya malonda kuchitidwa mokhazikika pa kompyuta padziko lonse lapansi. Ntchitoyo idali yaing'ono, ndipo adaisankha dala, kuti akalakwitsa pasawonongeke zambiri.

Mayeso enieni adafika m'mwezi wa February 1954, pamene LEO idayamba kuwerengera malipiro a antchito a m'nyumba zophikira, okwana pafupifupi 1,700. Kalaliki wozolowera ankatha mphindi 8 kuti akonze pepala la malipiro a munthu mmodzi. LEO inkatha sekondi imodzi ndi theka. Komabe liwiro lokha silikadakwanira. Pa nkhani ya malipiro palibe wantchito amene amamva zoti makina adwala. Tsiku lolandira likafika ndalama ziyenera kukhala m'maenvulopu, zokwanira mpaka kobiri lomaliza, msonkho ndi ngongole zitachotsedwa molondola.

Amene ankayang'anira kulemba malangizo a makinawa adali David Caminer, munthu amene adataya mwendo pa nkhondo ku chipululu cha kumpoto kwa Africa, ndipo ankadziwika ndi kusalekerera cholakwa ngakhale chaching'ono. M'gulu lake mudalinso Mary Coombs, amene adalowa ntchitoyi m'chaka cha 1952 ndipo amadziwika kuti ndiye mayi woyamba kulemba mapulogalamu a kompyuta ya malonda. Anthu amenewa adakhazikitsa miyambo imene ikutsatidwabe mpaka lero. Asanalembe lamulo lililonse la makina, ankayamba ajambula papepala njira yonse ya ntchitoyo, kuyambira pamene chiwerengero chabadwira mpaka pamene chathera. Ankaika malire, kuti makina akakumana ndi chiwerengero chosamveka, monga maola ochuluka kuposa amene munthu angagwire pa mlungu, achikane ndi kuchionetsa. Ankaonkhetsa ziwerengero polowa ndi potuluka kuti aone ngati zikugwirizana. Ndiponso, podziwa kuti mababu amapsa, ankagawa ntchito m'zigawo, kuti makina akaima pakati ayambirenso pamene adalekezera.

Lamya ya masana

Ntchito imene ikuonetsa bwino koposa mmene dongosolo lotere limathandizira malonda ndi ya maoda a nyumba za tiyi, imene idayamba m'mwezi wa October 1954.

Kale mayi woyang'anira nyumba ya tiyi ankakhala pansi tsiku lililonse ndi mulu wa mafomu, nkulemba chimodzichimodzi zonse zimene akufuna mawa: buledi, mabanzi, makeke, nyama, ndi zina zambirimbiri. Ntchitoyi inkamudyera nthawi imene akadakhala akuyang'anira ogula ndi antchito. Mafomuwo akafika kulikulu, makalaliki ankawakopera m'mapepala ena a ophika, a olongedza, a oyendetsa malole ndi a owerengera ndalama. Pokopera paliponse cholakwa chinkapeza polowera. Akulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa.

Caminer ndi anzake sadayambire pa makina. Adapita m'nyumba za tiyi, adacheza ndi amayi oyang'anira, adafukula mafomu akale. Adapeza kuti oda ya nyumba iliyonse sinkasintha kwambiri. Zimene nyumba idafuna Lachiwiri lapitalo zinkafanana ndi zimene idzafune Lachiwiri likudzalo, kupatula zinthu zowerengeka. Tsono padalibe chifukwa cholembera zonse tsiku ndi tsiku. Adakonza kuti nyumba iliyonse ikhale ndi oda yake yokhazikika ya tsiku lililonse la mlungu, yosungidwa kulikulu. Masana mayi woyang'anira ankangonena pa lamya zimene akufuna kusintha. Kukatentha ankawonjezera zozizira ndi kuchepetsa zotentha, kukazizira ankachita mosemphanitsa. Kulikulu, olandira lamya ankaboola zosinthazo pa makhadi nthawi yomweyo, ndipo makhadiwo ankapita ku makina.

Kuchokera pa lamya imodziyo LEO inkatulutsa mapepala a anthu osiyanasiyana. Ophika ankalandira chiwerengero chonse cha chinthu chilichonse choti aphike. Olongedza ankalandira mndandanda wa zoika m'mabokosi a nyumba iliyonse. Okweza malole ankadziwa katundu wa galimoto iliyonse. Owerengera ndalama ankapeza mtengo wa zonse zimene nyumba iliyonse yatenga. M'mawa katundu ankafika.

Onani zinthu zitatu zimene zidachitika pano. Choyamba, chiwerengero chinkalembedwa kamodzi kokha, pafupi ndi gwero lake, ndipo onse ankamwa pa chitsime chimodzi. Chachiwiri, chiganizo chidatsala m'manja mwa mayi woyang'anira, amene ankaona thambo ndi msewu ndi maso ake. Makina adamuchotsera katundu wolemba, koma sadamulande udindo. Chachitatu, popeza maoda ankatengedwa mochedwerapo, ankayandikira kwambiri zofunika zenizeni za mawa, ndipo pa malonda a chakudya chosachedwa kuwonongeka zimenezi ndi ndalama.

Chimodzimodzinso pa tiyi weniweniyo. Tiyi wa m'paketi ndi msanganizo wa masamba ochokera m'minda yambiri, ndipo mitengo yake imasinthasintha. LEO idapatsidwa ntchito yosunga chiwerengero cha mabokosi a tiyi amene kampani idali nawo, ndi kuwerengera mtengo wa msanganizo uliwonse, kuti ogula tiyi ndi osakaniza adziwe pamene aima.

Zimene bwana ayenera kuona

Ntchito za tsiku ndi tsiku zikalembedwa bwino, zimabala chinthu china chamtengo wapatali: chithunzi cha kampani yonse. Kuchokera m'maoda omwewo, LEO inkatha kuonetsa akuluakulu zinthu zimene zikuyenda malonda ndi zimene zikutsalira, ndiponso nyumba zimene maoda ake akusiyana kwambiri ndi zoyembekezeka.

Apa padali msampha umene a Simmons adaudziwa. Makina otha kusindikiza mapepala zikwizikwi angathe kukwirira bwana ndi mapepalawo, ndipo munthu wopatsidwa zonse amakhala ngati sadapatsidwe kanthu. Njira ya a Lyons idali yoyamba aika muyezo wa chinthu chilichonse, monga ufa woyenera kulowa mu buledi mmodzi kapena ndalama zoyenera kuwonongedwa pa ntchito yakutiyakuti, kenaka nkuonetsa woyang'anira malo okhawo amene zochitika zapatuka pa muyezowo. Bwana safunika kuuzidwa za nyumba zimene zikuyenda bwino. Afunika kudziwa za zitatu kapena zinayi zimene zikutaya chuma, adziwe msanga, ndipo apite akaone chifukwa chake.

Motero m'kampani iliyonse muli anthu a magulu atatu ofuna kudziwa zinthu mosiyana. Wogwira ntchito ndi manja afuna mwatsatanetsatane za lero: mabokosi angati, apite kuti. Kapitawo kapena manijala afuna za mlungu kapena mwezi: tawononga zingati, tapatuka pati. Akuluakulu a pamwamba afuna za zaka: titsegule nyumba ina kodi, tisiye kupanga chiyani. Dongosolo labwino limadyetsa magulu onse atatu kuchokera mu nkhokwe imodzi. Nkhokweyo ikakhala ndi ziwerengero zabodza, onse atatu amasokera pamodzi, ndipo amasokera ali ndi chikhulupiriro chonse chifukwa bodzalo latuluka m'makina losindikizidwa bwino.

Makina sapulumutsa kampani

Mbiri ya LEO idamveka, ndipo ena adayamba kubwereka makinawo. Idawerengera malipiro a antchito a fakitale ya galimoto ya Ford ku Dagenham, idathandiza a zanyengo, idakonza mindandanda ya msonkho ya boma la Britain, ndiponso idawerengera mitunda ya pakati pa masiteshoni a njanji. M'chaka cha 1954 a Lyons adakhazikitsa kampani ya LEO Computers Ltd yopanga ndi kugulitsa makompyuta, ndipo ena mwa makina ake adakafika ku South Africa, ku Australia ndi ku Czechoslovakia.

Komabe kupanga makompyuta kunkafuna chuma chochuluka kuposa chimene ogulitsa tiyi akadatha kuikapo, makamaka polimbana ndi makampani akuluakulu a ku America monga IBM. M'chaka cha 1963 kampani ya makompyutayo idaphatikizidwa ndi English Electric, ndipo m'chaka cha 1968 idalowa mu kampani ya ICL. LEO yoyamba ija idazimitsidwa m'mwezi wa January 1965, itagwira ntchito zaka zoposa 13. Makina ena a mtundu wa LEO adapitiriza kukonza mabilu a lamya ku Britain mpaka 1981.

Nayo kampani ya Lyons idakumana ndi zovuta. Zokonda za anthu pa kadyedwe zidasintha, ndipo nyumba za tiyi zidayamba kuchepa ogula. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kampaniyi idakongola ndalama zambiri zakunja pogula makampani ena, ndipo paundi itagwa mphamvu ndi chiwongoladzanja chitakwera, ngongoleyo idaifinya. M'chaka cha 1978 idagulidwa ndi Allied Breweries, ndipo nyumba yomaliza ya tiyi idatsekedwa m'chaka cha 1981. Kampani imene inkadziwa mtengo wa banzi lililonse idagwa ndi ziganizo zopangidwa m'chipinda cha akuluakulu. Dongosolo la ziwerengero limaunikira njira, koma kusankha kolowera kumatsala ndi anthu.

Phunziro la kwathu kuno

Wina angafunse kuti nkhani ya ku London ya zaka zoposa 70 zapitazo ikutikhudza bwanji. Yankho tidaliona ndi maso athu m'chaka cha 2013.

Boma la Malawi lidakhala likugwiritsa ntchito dongosolo la pa kompyuta lotchedwa IFMIS poyendetsa ndalama zake. Cholinga chake chidali chabwino ndithu, chofanana ndi cha a Lyons: kuti ndondomeko ya chuma, chilolezo cholipira, cheke ndi lipoti zonse zichokere pamalo amodzi, ndipo pasatuluke tambala popanda kusiya phazi. Koma m'mwezi wa September 2013 kudaululika kuba kumene kudatchedwa Cashgate. Anthu ena ankalowetsa m'dongosololi malipiro a makampani amene sadapereke katundu aliyense ku boma, macheke nkutuluka, ndalama nkutengedwa ku banki, kenaka iwo nkufufuta zolembedwazo m'makina. Kampani yofufuza mabuku ya ku Britain, Baker Tilly, idapeza mu lipoti lake la 2014 kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidatayika mwachinyengo m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira April mpaka September 2013. Maiko ndi mabungwe othandiza adaimitsa thandizo lawo la ndalama zoyendetsera boma, ndipo ululu wake udafika kwa anthu wamba amene sadaoneko ngakhale khomo la ofesi ya Capital Hill. Ena mwa okhudzidwa adaweruzidwa ndi kumangidwa.

Makinawo sadabe ndalama. Adachita zimene adauzidwa ndi anthu amene adali ndi makiyi ake. Zimene zidasowa ndi miyambo ija ya Caminer ndi anzake. Dongosolo losunga chuma cha anthu liyenera kukhala lakuti wokonza malipiro akhale wina, wovomereza akhale wina, wosaina akhalenso wina. Munthu aliyense alowe ndi dzina lake ndi mawu ake achinsinsi, osabwerekana. Cholembedwa chikalakwika chikonzedwe ndi cholembedwa china choonekera, chakalecho chikhalepobe. Ndipo koposa zonse, pakhale munthu amene ntchito yake ndi kuyerekeza, mwezi ndi mwezi, zimene buku la ofesi likunena ndi zimene banki yalipira. Wofufuta m'makina a ofesi sangafufute m'mabuku a banki, kotero kuti kuyerekeza kokhako kukachitika mokhulupirika, dzenje limaoneka lisanakule. Popanda zimenezi, makina okongola ali ngati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Mafunso a woyang'anira

Masiku ano ogulitsa makompyuta ndi mapulogalamu amagogoda pa khomo la sukulu, la chipatala, la kopaletivi ya alimi, la banki ya m'mudzi ndi la golosale, aliyense akulonjeza kuti katundu wake athetsa mavuto onse. Zambiri mwa zida zimenezi nzothandizadi, ndipo mtengo wake watsika kotero kuti zimene a Lyons adamanga m'chipinda chathunthu, wamalonda wamng'ono angazipeze pa lamya yake. Koma woyang'anira wanzeru, asanatulutse ndalama, ayambe wadzifunsa mafunso amene Simmons ankafunsa makalaliki ake.

Kodi ntchito yathu timaidziwa mmene imayendera, kuchokera pamene wogula walowa mpaka pamene ndalama yafika ku banki? Ngati sitingathe kuijambula papepala, makina sadzaijambula m'malo mwathu, ndipo chisokonezo chikalowa m'makina chimangothamanga kwambiri. Kodi chiwerengero chilichonse chimene tikufuna kusunga chidzathandiza yani kuganiza chiyani? Kodi amene adzalowetse ziwerengerozo, kalaliki wa pa sikelo kapena namwino wa usiku, tawafunsa maganizo awo, ndipo iwo adzapindula chiyani? Amayi a m'nyumba za tiyi adalandira dongosolo latsopano chifukwa lidawapeputsira ntchito. Munthu amene dongosolo limangomuwonjezera katundu amalemba zilizonse kuti athane nazo. Kodi magetsi akazima kapena intaneti ikaduka, ntchito idzapitirira bwanji, ndipo zolembedwa zathu zasungidwanso kwina? Ndipo potsiriza, kodi ndani angasinthe kapena kufufuta cholembedwa, ndipo ndani adzadziwa kuti watero?

Mayi wa mandasi uja, tsiku limene adzatsegule malo achiwiri ndi kulemba wantchito woti azimugulitsira, adzakumana ndi mafunso omwewa. Adzafuna kudziwa kuti mandasi adapita angati, adabwerera angati, ndipo ndalama za m'kansalu zikugwirizana ndi kusiyana kwakeko kapena ayi. Kaya adzalemba m'kope la mwana wa sukulu kaya pa lamya, chofunika ndi chakuti alembe tsiku lomwelo, alembe zoona, ndipo madzulo aliwonse akhale pansi awerenge ndalama akuyang'ana m'kopemo.